Musadine kaye achemwali, ine app yotereyi inandidyera maola 31

Eee achemwali, ndangofika pomwe mwalemba kuti abwana anu akufuna muike app pa laputopu yanu ndipo akuti "ndi ka app kongowerengera maola basi", mtima wayamba kale kuthamanga. Ndi mawu omwewo amene anandiuza ine. Musaike chinthucho pa laputopu yanu musanafunse ngati chimajambula screen, ndipo yankho libwere lolemba, za pakamwa ayi.

Ine ndinkamasulira ndi kukonza zolemba ndili kunyumba, kampani yake sinditchula. Munali mu 2021, nthawi ya Covid ija, mabwana atasowa tulo poganiza kuti antchito angovala malaya abwino kumtunda kokha n'kumagona masana onse. Anatitumizira link, tinaika, tinadina kuvomereza osawerenga ngakhale mzere umodzi. Sabata yoyamba ndinkachita kukanyadira. Udina batani, kawotchi kayamba kuyenda pakona, ukaweruka udinanso. Ndinkati koma abale zinthu zapita patsogolo.

Zimene sanatiuze n'zakuti ola lililonse kamalidula m'zigawo za mphindi 10. M'chigawo chilichonse kamajambula screen yako pa nthawi imene iwe sukuidziwa, komanso kamawerenga kuti mausi wayigwedeza kwa nthawi yaitali bwanji, kiyibodi wayigunda mochuluka bwanji. Zikatero kamatulutsa peresenti imene amaitcha activity. Amene mumagwira pa Upwork, tsamba lija lopezerapo maganyu pa intaneti, mukudziwa zimene ndikunena, kumeneko ndi zithunzi 6 pa ola. Koma kumeneko umadziwiratu usanayambe, zithunzi zako umaziona wekha, ndipo ukafuna umafufuta, kungoti mphindi 10 za chithunzicho zimapita nacho limodzi. Kwathu anali atakonza kuti woona zithunzi ndi supavaiza yekha. Eni akefe tinali mumdima.

Ndiye taganizani ntchito yomasulira. Theka lake ndi kuwerenga. Ine maso amandiwawa pa screen, ndiye ndinkasindikiza chikalata n'kukhala nacho patebulo ndi pensulo. Nthawi zina chiganizo chimodzi chimakumanga mphindi 15, uli duu kuyang'ana khoma, kufunafuna mawu amene sapotoza tanthauzo. Nthawi zina uli pafoni ndi kasitomala kumufunsa chimene ankatanthauza pa tsamba 4. Kwa app, nthawi yonseyo palibe munthu pampando. Mnzanga wolowetsa manambala mu Excel ankapeza 80 peresenti, zala zake sizipuma. Ine 22, 25, tsiku labwino 30. Ndipo sindinkadziwa n'komwe kuti nambala yotere ilipo.

Ndinaidziwa Lachisanu lomaliza la mwezi wachiwiri, pa msonkhano wa pa Zoom. Tinalipo anthu 9. Bambo uja, supavaiza wathu, anayamba bwinobwino, kufunsa ngati tonse tadzuka, kenako n'kuti "pali nkhani ina yaing'ono", n'kuonetsa screen yake kwa tonse. Mndandanda wa mayina, ena obiriwira, ena achikasu, langa lokha lofiira pansi penipeni. Anadina dzina langa. Panatuluka tizithunzi tambirimbiri tondondozana, laputopu yanga yonse ya mwezi wathunthu. Anayamba kutsegula chimodzichimodzi, osafulumira, ngati munthu amene akuonetsa alendo zithunzi za ukwati. Ichi chikalata sichinasunthe mphindi 30. Ichinso chomwecho. Apa mausi ili pamalo amodzi kuyambira 10 koloko. Ine thukuta lili kamukamu m'manja, ndikudikira kuti amalize ndifotokoze za pepala ndi pensulo.

Kenako anatsegula cha Lachiwiri masana.

Tsiku limenelo mng'ono wanga anali atapita padera. Anandilembera ine ndekha, ngakhale mayi athu anali asanamve. Foni yanga inali pa chaja kuchipinda, ndiye ndinatsegula WhatsApp pa laputopu pomwepo kuti ndimuyankhe, kawotchi kakuyendabe, sindinaganize n'komwe zoimitsa. Ndani angaganize za kawotchi pa nthawi ngati imeneyo? App inajambula pomwepo. Uthenga wake wonse, dzina lake pamwamba, chithunzi chake chakumaso, mawu amene analemba akulira, zonse mbee pa screen ya anthu 9. Bamboyo sanatseke. Anachita kuchikulitsa kuti aone bwino, n'kufunsa kuti, "Kodi iyi ndi ntchito ya kampani?"

Ndinakuwa kuti tsekani, chonde tsekani. Ndinakuwa kawiri, katatu. Palibe anatembenuka. Kuyang'ana pansi, kamaikolofoni kanga kali ndi mzere wofiira, anali atatitseka tonse pakamwa poyamba paja kuti alankhule yekha. Ndiye anzanga ankangoona mkazi akuyasamula kukamwa ngati nsomba, manja ali m'mwamba. Mtsikana wina anazimitsa kamera yake. Bambo wina wachikulire anaweramitsa mutu. Ndikuganiza kuti chithunzicho chinakhalapo mwina theka la mphindi, koma ine mpaka lero ndikhoza kukuuzani kuti batire ya laputopu yanga pachithunzipo inali pa 41 peresenti, chifukwa m'pamene ndinakhazika maso pothawa mawu a mng'ono wanga. Nditapeza batani lotsegulira pakamwa, mawu anali atandithera. Ndinangoti "pepani". Ine! Kupepesa ine!

Madzulo omwewo kunabwera imelo. Chigawo chilichonse chimene activity inali pansi pa 30 peresenti sachiwerenga ngati ntchito. Kuphatikiza zonse, maola 31 achotsedwa pa malipiro a mwezi umenewo. Lamulo limeneli silinali mu kontilakiti, silinanenedwe pamsonkhano uliwonse, linabadwa tsiku lomwelo. Chonsecho ntchito zonse ndinapereka pa nthawi yake, palibe imodzi yomwe inabwezedwa. Pambuyo pake mnzanga wa ku akaunti anandinong'oneza kuti kasitomala analipira maola onse, osachotsako ngakhale limodzi. Ndiye maola 31 angawo anapita m'thumba la ndani? Supavaiza uja sankadziwa kumasulira ngakhale moni. Sanatsegulepo fayilo yanga imodzi kuti aone ngati ili bwino kapena ayi. Ntchito yake inali kukhala pa dashboard kuyambira m'mawa kuonerera mitundu, chobiriwira munthu wabwino, chofiira wakuba. Ndipo ankadzitcha wachilungamo, akuti "si ine, ndi system". System inakulitsa yokha chithunzi cha mng'ono wanga? System inafunsa funso lija? Ndikamukumbukira ndi kamwetulira kake kaja ndimamva kutentha m'makutu mpaka pano.

Chimene chimandinyansa kwambiri n'chimene ndinasanduka pambuyo pake. Ndinaphunzira kuwerenga pepala ndi dzanja lamanzere, lamanja likuzunguza mausi ngati ndikupukuta tebulo. Ndinasiya kuima n'kuganiza. Mawu oyamba kubwera m'mutu ndi omwewo, lemba, fufuta, lembanso, bola kiyibodi ilire. Kuchimbudzi ndinkapita chothamanga. Activity inakwera kufika 70, ntchito inayamba kutuluka yosalongosoka, ine ndikudziwa, ndipo bambo uja anandiyamikira pagulu kuti ndasintha. Ndinakhalako miyezi ina 4 chifukwa cha mavuto, kenako ndinasiya.

Musandiuze kuti zinali za kampani yaing'ono yopanda nzeru. Mu 2020 banki ya Barclays ku London inaika pulogalamu yoyang'anira nthawi imene antchito akhala pa kompyuta, mpaka kumawachenjeza akachoka pa desiki, anthu anakwiya, nkhani inatuluka m'nyuzipepala, anaichotsa. Chaka chomwecho Microsoft inachita kuchotsa mayina a anthu mu chida chake cha Productivity Score, choyeza kagwiridwe ka ntchito, anthu atadandaula kuti ndi ukazitape. Maganizo ake ndi akalekale, katswiri wina wa kayendetsedwe ka ntchito, Frederick Taylor, ankaima ndi wotchi kumbuyo kwa anthu m'mafakitale a zitsulo ku America zaka zoposa 100 zapitazo, kuwerenga masekondi a fosholo iliyonse. Kungoti wotchi ya masiku ano imalowa mpaka kuchipinda kwako.

Wina pansipa wanena kuti mungogula ka mouse jiggler, kachida kogwedeza mausi kokha kaja. Ayi achemwali. Ine ndinagwedeza ndi dzanja langa, ndavomera, koma inu musayese. Mu 2024 banki ya Wells Fargo inachotsa ntchito anthu oposa 12 chifukwa chonamizira kuti akugwira ntchito pa kiyibodi. Ukagwidwa nako kameneko, mlandu wonse umatembenukira kwa iwe, zoti anayamba kulakwa ndi iwo palibenso amene amazimva.

Komano, ndipo apa ena mundiseka, ine lero sindiyamba ntchito osadina timer. Ndimagwiritsa Toggl Track, ilipo yaulere ndipo sijambula screen. Clockify yaulere nayonso ndi yabwino, imangowerenga nthawi. Ndinayamba mwaukali, kufuna kuti munthu asadzandinamizenso opanda umboni wanga. Koma zimene ndinapeza zinandichititsa manyazi ndekha. Ndinkalumbira kuti ndimagwira maola 8 pa tsiku. Sabata yoyamba, ntchito yeniyeni inali maola 5 ndi timphindi. Enawo? Facebook, gulu lino lomwe, kuyankha mauthenga, kutsegula imelo kakhumi popanda chatsopano. Nditaikanso RescueTime, ija imangolemba yokha mapulogalamu ndi masamba amene watsegula, ndinaichotsa patatha masabata awiri chifukwa inkanena zoona zambiri. Ndiye penapake bambo uja sananame zonse, ngakhale ndikulemba izi mano ali gwa. Ndipo tsiku lina ndili komweko ndinaiwala kuimitsa kawotchi, kanayenda usiku wonse maola 13, sindinanene mpaka anandifunsa. Chimenecho chinali changa, sindikana.

Phindu lalikulu linali pa kutchula mtengo. Ntchito imene ndinkati ndi ya maola awiri inkanditengera 5, chifukwa sindinkawerengera kuwerenga koyamba, kufunsa mafunso, kukonza kasitomala akabweza. Zaka zonsezo ndinkadzibera ndekha kuposa mmene anandibera munthu uja. Pano kasitomala akati "kantchito kakang'ono", ndimatsegula lipoti la ntchito yofanana nayo n'kumuuza nambala. Masiku amene mutu wakana ndimachita za Pomodoro zija, mphindi 25 ntchito, mphindi 5 kupuma, ukazungulira kanayi upume nthawi yaitaliko. Zimathandiza pa ntchito yotopetsa, koma pomasulira belu limalira chiganizo chili pakati, ndiye nthawi zambiri ndimangolinyalanyaza.

Ndiye kukana kwenikweni mwina simungathe, ntchito ndi yawo, ndipo mwanena kuti mwangoyamba kumene. Vomerani, koma alembereni imelo lero. Afunseni ngati imajambula screen, kangati, ndipo ngati angayatse zoti zithunzi zizituluka zosaoneka bwino, ma app ambiri monga Hubstaff ndi Time Doctor ali nazo zimenezo, ndi bwana amene amasankha kuyatsa kapena ayi. Afunseni amene amaona zithunzizo ndi nthawi imene amazisunga, komanso ngati inu mungazione. Funso lalikulu kuposa onse: kodi malipiro amadalira activity? Akati ayi, alembe kuti ayi. Funsaninso ngati mungawonjezere pamanja nthawi ya foni, ya misonkhano ndi yowerenga mapepala, ndiponso ngati chinthucho chimagona mukaimitsa timer kapena chimayang'anabe. Ngati kampani yake ili ku Ulaya, lamulo lawo loteteza zinsinsi za anthu la GDPR la 2018 limakupatsani ufulu wopempha kuti akuonetseni zonse zimene asunga zokhudza inu, ndipo kungolitchula kokha ena amayamba kulankhula mwaulemu. Akakwiya ndi mafunso amenewa, mwadziwiratu mtundu wa anthu amene mukugwira nawo.

Yendetsaninso timer yanuyanu pambali, Lachisanu lililonse tsitsani lipoti musunge. Ine ndikanakhala nalo tsiku lija mwina maola 31 aja ndikanawamenyera, ngakhale kunena zoona munthu uja sakanaliwerenga.

Ndipo ngati angakupatseni laputopu ya kampani, tengani imeneyo, yanu isalowe chinthu chawo. Zikakanika, tsegulani akaunti ina pa laputopu yanuyo ya ntchito yokha, mopanda banki, mopanda zithunzi za ana, mopanda imelo yanu. WhatsApp ya pa kompyuta tulukanimo lero lomwe, musadikire kuti mudzakumbukira kuimitsa kawotchi uthenga woipa ukadzafika, simudzakumbukira. Mng'ono wanga pano ali ndi mwana wa zaka ziwiri, ndipo mpaka lero sindinamuuze kuti uthenga wake uja anauwerenga anthu 9.