Funsani Azakhali: Mikanda ya Bluetooth?

Azakhali, ine ndi amuna anga tili ndi tizoseweretsa tathu takuchipinda, mikanda, kansalu komanga m'maso ndi unyolo uja ngati wa apolisi. Nde bambowa amakonda zamakono, akuti tonseti atiike tekinoloje. Ndiwalole?
Mayi wa ku Ndirande

Mwana wanga, ndaseka mpaka tiyi kutayika. Mikanda ya Bluetooth eti? Tsiku lina idzalumikizana yokha ndi sipika ya pabalaza apongozi ali pompo akudya mbatata, nyumba yonse wecherewechere, mudzati ndi nyimbo yanji? Kapena aiike kowerenga masitepe kaja, foni izikuyamikirani m'mawa kuti mwathamanga makilomita 5 chonsecho simunatuluke m'nyumba.

Kansalu kaja musakavutitse, magetsi akathima tonse timamangidwa m'maso ulele.

Koma unyolo wotsekula ndi app ayi ndakana. Batire ikafa kapena netiweki ikathawa mudzaitana wowotcherera mageti pakati pausiku, mawa msika wonse wadziwa. Kiyi wamba azikhala pafupi, womangidwa asamasiyidwe yekha, komanso gwirizanani mawu oti wina akangonena masewera atha pompo. Bambowo ngati manja akuyabwa apatseni wailesi yakufa akonze.