Funsani Makaniko: Ndidule Kutsogolo kwa Hilux Yanga Ndiikeko Solid Axle?

FUNSO: Bambo makaniko, ndili ndi Hilux ya dizilo ya 2001, ija ya ma torsion bar kutsogolo, ndodo zachitsulo zija zogwira ntchito ya masipuling'i. Munda wanga uli kumtunda kwa Namwera, mbali ya ku Katuli, ndipo njira yolowera kumundako ndi miyala ndi zigwembe zokhazokha. Chaka chino chokha ndasintha katatu ma CV joint, mfundo zija za pashafiti zozungulitsa matayala akutsogolo. Mwana wanga wandionetsa pa YouTube anthu a ku America akukweza magalimoto pamatanthwe, ati amachotsa zonse zakutsogolo n'kuikapo solid axle ya Dana 60. Kodi zingatheke kuno kwathu? Ndigule ekiselo iti? Wowerenga wa ku Namwera.

YANKHO: Achimwene, kutheka zimatheka. Ineyo ndaigwirapo ntchitoyi pagalaji yanga pano pa boma la Mangochi, ndipo ndimaikonda. Koma ndimaiopanso, chifukwa mukadula zitsulo za pachesesi simungabwererenso m'mbuyo.

Mwana wanu sananame. Pagalimoto yanu tayala lililonse lakutsogolo limayenda palokha, difu (chibuluma cha magiya chogawira mphamvu kumatayala awiriwo) yamangidwa kuchesesi. Tayala limodzi likakwera mwala, linzake limalendewera m'mwamba n'kumazungulira chabe, ndipo likadzagunda pansi likuzungulira choncho, chimene chimalira ndi CV joint. Ekiselo yamphumphu, solid axle ija, ndi mpopi umodzi wachitsulo wogwira matayala onse awiri: mbali iyi ikakwera, inayo imakankhidwira pansi n'kugwira dothi. N'chifukwa chake Land Cruiser 70, yomwe Toyota inayamba kupanga mu 1984, ikadali ndi ekiselo yotere kutsogolo ndi kumbuyo mpaka lero, ndipo ndi imene mabungwe amadalira panjira ya ku Makanjira mvula ikagwa. Mtengo wake mudzaulipira patala. Kuchoka pano kupita ku Liwonde galimoto idzayamba kugunda msana, siidzakhalanso yofewa ngati kale.

Dana 60 ija iwaleni. Ndi ekiselo yamphamvu ndithu, ya mapikapu akuluakulu a ku America, koma silu yake imodzi yotchinga oyilo ikangotha mudzaipeza kuti? Ku Limbe kulibe, ku Ndirande kulibe, ku Biwi ku Lilongwe adzangokuyang'anani. Galimoto idzakhala pamiyala mwezi wathunthu fodya akuonongeka m'chigafa. Kuno timasankha ekiselo imene zipangizo zake mungazitumize pa minibasi m'mawa n'kuzilandira madzulo.

Yoyamba kuiganizira ndi ya Hilux yakale, monga LN106 ya injini ya 2.8, yomwe inkabwera ndi ekiselo yamphumphu pamasipuling'i a leaf, aja a zitsulo zosanjikizana, mpaka cha m'ma 1997. Ndi yopepuka, mabawuti a tayala ndi 6 ngati anu, ndipo difu yake ndi ya banja limodzi ndi yakumbuyo kwanu. Ngati matayala anu ndi a mainchesi 31 mpaka 33, ine ndingasankhe imeneyi osaganiza kawiri. Imangokhala yopapatiza pang'ono poyerekeza ndi ekiselo yanu yakumbuyo, choncho pitani ndi tepi. Za Land Cruiser 80 kapena Nissan Patrol Y60 ndi Y61 n'zolimba koposa, makamaka ya Patrol, koma n'zotambalala, zolemera, ndipo zinapangidwira masipuling'i ozungulira, kotero ntchito yowotcherera imachuluka. Chenjeraninso ndi ya Land Cruiser 79: kuyambira 1999 inayamba kubwera ndi mabawuti 5, ndiye mudzapezeka mukuyenda ndi masipeya awiri osiyana.

Mukafika kwa ogulitsa, gwadani kaye pansi pa galimoto yanu muone mbali imene shafiti yakutsogolo imatulukira pa transfer case, bokosi la magiya logawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo. Chibuluma cha difu pa ekiselo yomwe mukugula chikhale mbali yomweyo. Pa Hilux ndi Land Cruiser zakale chimakhala kumanja, mbali ya dalaivala.

Tsopano pa nkhani imene yandiwawitsa mtima kangapo, ya mano a mu difu. Difu yakutsogolo ndi yakumbuyo ziyenera kukhala ndi ratio imodzi, ndiko kuti mano a giya yaikulu kugawa ndi a yaing'ono, apo ayi mukatchera 4x4 matayala akutsogolo ndi akumbuyo amafuna kuyenda liwiro losiyana, ndipo chapakati n'chimene chimathyoka. Musakhulupirire pakamwa pa wogulitsa kapena nambala yolembedwa ndi choko. Tsegulani muwerenge mano nokha. Giya yaikulu ikakhala ndi mano 41, yaing'ono 10, imeneyo ndi 4.10. Mano 43 ndi 10 ndi 4.30. Mano 41 ndi 9 ndi 4.56, pomwe 39 ndi 8 ndi 4.88. Zaka zingapo zapitazo kunabwera mnyamata wogula usipa ku Malindi, Hilux yake ataikoka ndi thirakitala. Galaji ina inamuikira 4.56 kutsogolo, kumbuyo kuli 4.30. Mumchenga wa kunyanja sanamve kanthu chifukwa matayala ankatereka. Tsiku limene anaiwala kuchotsa 4x4 atalowa patala, sanafike ngakhale pa mlatho wa Bakili Muluzi. Nditatsegula transfer case, mafuta anatuluka ndi zidutswa zachitsulo ngati mpunga. Ndalama yomwe ankati agulire injini ya boti inathera pamenepo, ndipo nkhope yake tsiku limenelo sindinaiiwale.

Onaninso ngati mpopi wa ekiseloyo sunapindike, chifukwa zambiri zimachokera m'magalimoto angozi. Kunsonga kwake kuli mipira ija yachitsulo, mkati mwake muli ma Birfield, omwe ndi ma CV joint a ekiselo yotere. Pakakhala phala lakuda la girizi wosakanikirana ndi oyilo, dziwani kuti silu yamkati inafa kale. Ine sindiika ekiselo pagalimoto ndisanaiphwasule yonse: masilu atsopano, mabering'i a kingpin, mabering'i a matayala, girizi wa moly. Kuchita zimenezi ekiselo ili pansi n'kosavuta kusiyana ndi kudzagona pansi pa galimoto pambuyo pake.

Kuwotcherera ndiye pamene pali moyo wa anthu. Zogwirira masipuling'i zimawotchereredwa pachesesi pamalo pomwe fakitale sinaikepo, ndiye pamafunika kulimbitsa ndi mapuleti ochindikala, kuyeza mopingasa kuti ekiselo isakhale chammbali, ndi mmisiri wodziwa chitsulo cha chesesi. Wowotcherera mageti ndi mawindo, ngakhale akhale mlamu wanu, ntchito iyi si yake. Ekiselo iyeneranso kupendekera kumbuyo pang'ono, chomwe timati caster. Ikasowa, mukangogunda kadzenje pa liwiro chiwongolero chimayamba kunjenjemera mpaka kukuthawani m'manja. Inu mumatsika phiri la Chowe mutasenza mabelo, m'makona muja mbali ina kuli chiphompho. Ganizirani zimenezi pamene wina akukuuzani kuti atha kuimaliza Loweruka limodzi.

Zotsala n'zing'onozing'ono koma zimadya ndalama: ndodo za chiwongolero zatsopano zochokera pa steering box, mapaipi a mabuleki aatali, shafiti yakutsogolo yoidula kapena kuitalikitsa, mashokapu ogwirizana ndi kutalika kwatsopano, ndi kuonetsetsa kuti difu siikugunda sampu, mphika wa oyilo pansi pa injini, galimoto ikadumpha. Musaikweze kwambiri pofuna kuoneka bwino. Galimoto yaitali pamtsetse wopendekera imagubuduzika msanga.

Musanadule kanthu, pitani ku Road Traffic mukafunse zimene amafuna pagalimoto yosinthidwa chonchi kuti idzapeze COF, chiphaso chotsimikiza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndipo a inshuwalansi muwauze molemba.

Koma achimwene, ma CV joint atatu chaka chimodzi akundikayikitsa. Nthawi zambiri ndikaona zotere ndimapeza kuti wina anamanga ma torsion bar mpaka kumapeto kuti galimoto ikwere, ndiye shafiti zimagwira ntchito zitapindika tsiku lonse, malabala ake n'kung'ambika, mchenga n'kulowa. Kapena mukugula ma CV otchipa aja opanda dzina. Ngati ndi choncho, kuitsitsa pang'ono ndi kugula enieni kungakuchotsereni vutoli osadula chitsulo. Ndipo ngati mtima wanu uli pa solid axle basi, werengerani kaye ngati kugulitsa iyi n'kugula LN106 yathunthu sikungakutsikireni mtengo, popeza pamenepo zonse anayeza kale ndi a Toyota. Ndilembereninso mundiuze saizi ya matayala anu, ndi masentimita kuchokera pakati pa habu kufika pa madigadi mbali zonse ziwiri, galimoto ili pamalo athyathyathya yopanda katundu.