Za RX-8 mwaiona ija, achimwene

Achimwene, mwati mwapeza Mazda RX-8 ya 2005 kwa ogulitsa magalimoto ochokera ku Japan, mtengo wake ndi wozizira, ndiye mukufunsa ngati ingakupirireni popita ku ntchito tsiku ndi tsiku mu Lilongwe muno. Ine ndinakhala nayo zaka zitatu ndipo ndinkaikonda kwambiri. Mpaka lero ndikamva kulira kwake pamsewu ndimacheuka. Komabe ndikukupemphani kuti musaigule ngati ndiyo idzakhale galimoto yokhayo pakhomo panu.

Kutchipa kwakeko kukuchokera ku injini. RX-8 ilibe mapisitoni ngati magalimoto tinazolowerawa. M'kati mwake muli zitsulo ziwiri za makona atatu zimene zimazungulira, ndipo pansonga iliyonse pali kachitsulo kopyapyala, apex seal, kamene kamatsekera mphamvu kuti isathawe. Tizitsulo timeneti tikaperepeseka palibenso zokonzera pamwamba, injini imayenera kutsitsidwa ndi kumasulidwa yonse. Injini zambiri za mtundu umenewu zimayamba kufooka zisanakwane makilomita 150,000, makamaka za zaka zoyambirira ngati mwaionayo. Mazda inasintha kathiridwe ka oyilo m'kati mwa injini mu 2008, kenako inasiya kupanga galimotoyi mu 2012. Eni ake ku Japan amazidziwa zonsezi, n'chifukwa chake amaitaya motchipa.

Injini imeneyi imamwa oyilo mwadala, anaipanga choncho kuti tizitsulo tija tisaume. Ine ndinkayang'ana oyilo ndikathira petulo kachiwiri kalikonse, ndipo botolo silinkachoka m'buti. Ilinso ndi khalidwe lina lomwe limagwetsa anthu ambiri. Mukailiza m'mawa kuti mungoisuntha pageti n'kuizimitsa isanatenthe, petulo amadzadza m'kati ndipo imakana kulira. Makoyilo ndi mapulagi ake nawo sachedwa kutha, ndipo mukawalekerera petulo wosapsa bwino amakawononga catalytic converter, chosefera utsi cha mu ekizozi.

Chomwe chinandipweteka kwambiri ndi amakaniko. Tili ndi anyamata aluso zedi m'magalaja athu, amene angakumasulireni injini ya Corolla m'mawa n'kuibwezera madzulo, koma injini yozungulirayi ambiri sanaitsegulepo. Yanga itayamba kuvuta kulira ikatentha, ndinaisiya pa galaja ina milungu isanu. Anasintha batire, anasintha sitata, anasintha pampu ya petulo, ndalama zikungopita. Kenako zinadziwika kuti kompuresheni, mphamvu yopanikiza mpweya m'kati mwa injini, ndiyo inatsika, ndipo kageji wamba kamene ankayezera sikanena zoona pa injini imeneyi, pamafunika makina ake apadera. Zipangizo ndinachita kuitanitsa ku Johannesburg. Mukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira, ndipo chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse choitanitsa kunja chimaluma.

Petulo musamuiwale. Pamapepala amalemba kuti injini ndi ya malita 1.3, koma musanamizike nazo. M'tauni yanga inkayenda pafupifupi makilomita 7 pa lita, ndipo nthawi ya mizere pamafilingi ndinkabwerera pamzere anzanga a Vitz akadali ndi theka la thanki.

Tsono ngati mtima wanu uli pa galimoto yothamanga, ndipo ndikumvetsa chifukwa kuyendetsa galimoto yokankha ndi matayala a kumbuyo n'kosangalatsa, onjezerani ndalama mugule Toyota 86. Inayamba kutuluka mu 2012, ndipo ndi yomweyo imene Subaru imaitcha BRZ. Injini yake ndi ya malita 2.0 ya Subaru, ya mapisitoni, yoyendera tcheni m'malo mwa lamba, ndipo petulo imamwa mwaulemu. Inagulitsidwanso yatsopano ku South Africa, choncho zipangizo zake sizisowa. Mukapeza ya 2012 kapena 2013 funsani ngati inasinthidwa ma valve spring, timasipuling'i totseka mavavu a injini, chifukwa kampani inaitanitsa magalimoto a zaka zimenezo kuti akakonzedwe vuto limenelo. Kusintha mapulagi ake n'kovuta pang'ono popeza injiniyo inagona cham'mbali, koma ndi ntchito ya apo ndi apo.

Ina yoti muiganizire ndi Mazda MX-5, imene ku Japan amailemba kuti Roadster, makamaka ya pakati pa 2005 ndi 2015. Injini yake ndi yolimba ndipo makaniko aliyense wabwino angaikwanitse. Ili ndi mipando iwiri yokha, ndipo denga lake lansalu lili ndi timipita totulutsa madzi timene timatsekeka ndi fumbi, moti nyengo ya dzinja mumangopeza madzi pansi pa mipando ngati simutitsuka. Nissan Fairlady Z, imene ena amati 350Z, ndi yolimbanso, koma injini ya malita 3.5 idzakulizani kawiri, pamsonkho ndi papampu. Msonkho wa MRA umakwera ndi kukula kwa injini komanso ukalamba wa galimoto, ndiye funsani kiliyaringi ejenti akuwerengereni musanatumize ndalama. Pamwamba pake ikanipo zotulutsira galimoto padoko la Dar es Salaam, dalaivala woibweretsa mpaka pa Songwe, inshuwalansi ndi COF.

Magalimoto onsewa ali ndi vuto limodzi lofanana: ndi afupi kwambiri. Toyota 86 imasiya masentimita 13 okha pakati pa mimba yake ndi nthaka. Ganizirani msewu wolowera kwanu mvula ikagwa, ndi mahampu a pamalo a malonda mu M1. RX-8 yanga inkakhula pansi pafupifupi sabata iliyonse. Matayala ake ndi opyapyala, 225/45R18 pa RX-8 ndi 215/45R17 pa 86, ndipo dzenje limodzi usiku likhoza kuphulitsa tayala ndi kupinda limu nthawi imodzi. Ine zinandichitikira kawiri. Saizi zimenezi simungazipeze paliponse mukatuluka m'mizinda ikuluikulu, choncho ulendo wa kumudzi musamauwerengere pagalimoto yotere.

Iliyonse imene mungasankhe, umirirani kuti ogulitsa akutumizireni auction sheet yake, pepala la kumsika wa okushoni ku Japan lofotokoza mmene galimoto ilili. Giledi 4 kupita m'mwamba ndi yabwino, koma chilembo R chikutanthauza kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa, ndipo magalimoto othamangawa ambiri amakhala atapsetsedwa matayala ndi eni ake akale. Pewaninso yomwe inatsitsidwa masipuling'i kapena kusinthidwa kompyuta ya injini.

Ngati mwatsimikizabe pa RX-8, gulani yomwe ili kale kuno kuti muione ndi maso, yagiya yamanja, ya 2008 kupita kutsogolo. Iyendetseni mpaka itenthe bwinobwino, izimitseni, dikirani mphindi zochepa n'kuilizanso. Ikazengereza kulira ili yotentha chonchi, bwezani makiyi kwa mwini wake. Mukapeza ina, munditumizire auction sheet yake tiionere limodzi.