Mayi, makatoni a zimbale aja musawataye msanga

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Akuti akusamukira m'nyumba yocheperapo, ndipo kuseri kwa bedi kuli makatoni awiri odzaza ma DVD, ambiri mwa iwo ankabwera nawo malemu amuna awo pochokera ku Joni. Ana akuwauza kuti ataye, poti masiku ano zonse zili pa Netflix. Iwo mtima sukulola, koma malo nawonso palibe. Ndiye akufunsa kuti, nditaye kapena ndisunge?

Mayi, pepani ndi zamaliro zija, ngakhale papita nthawi. Yankho langa ndi lakuti musataye musanasankhule. Ndifotokoze chifukwa chake.

Ana anu sakunama kotheratu. Dziko likuzisiyadi zimbale. Netflix yomweyo inayamba mu 1998 ngati kampani yotumizira anthu ma DVD pa positi ku America, ndipo ntchito imeneyo inaitseka mu Seputembala 2023. Ku South Africa, masitolo a Musica, kumene anthu ambiri ankagula zimbale, anatsekedwa mu 2021. Kuonera pa intaneti n'kophweka, sukusaka chimbale m'katoni, sukupukuta fumbi. Zimenezi sindikutsutsa.

Chomwe ndikukana ndi mawu oti "zonse zilipo". Sizoona. Ndipo ngakhale zimene zilipo lero, si zanu. Mukalipira mwezi ndi mwezi, mwangolipira lendi yoonera, monga momwe walendi amalipirira nyumba. Kampaniyo nayonso mafilimu ambiri imachita kubwereka kwa eni ake, pa mgwirizano wokhala ndi tsiku lothera. Mgwirizano ukatha, filimu imachotsedwa, inu osafunsidwa. Mu Meyi 2023, Disney inachotsa mafilimu ndi masewero ambirimbiri pa Disney+ ndi Hulu, ena mwa iwo opangidwa ndi iyo yomwe. Chinandikhudza kwambiri ndi cha mu Ogasiti 2022: anthu a ku Germany ndi ku Austria amene anagula mafilimu a kampani ya StudioCanal pa sitolo ya pa intaneti ya PlayStation, kugula kwenikweni ndi ndalama zawo, anauzidwa kuti mafilimuwo achotsedwa ndipo sadzawaonanso. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Chimbale chili m'katoni mwanucho palibe angachizimitse ali kutsidya kwa nyanja.

Tsono tiwerengere za kwathu kuno, chifukwa ana akamati zonse zili pa intaneti amaiwala amene amagula bandulo. Netflix inafika ku Malawi mu Januwale 2016, pamene inatsegula m'maiko 130 nthawi imodzi. Iwo eni amanena kuti ola limodzi limadya pafupifupi 1 GB pa chithunzi wamba, ndipo limafika 3 GB pa HD. Filimu ya maola awiri yooneka bwino ikhoza kumeza 6 GB. Adzukulu akaikonda n'kufuna kuibwereza mawa, bandulo ina. Pamwamba pake pali ndalama ya pamwezi imene imawerengedwa m'madola, ndipo mukukumbuka kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Zoona, mutha kudawunilodi filimu pafoni n'kuonera pambuyo pake, koma imeneyonso imakhala ndi masiku ake, ndipo mukasiya kulipira imatsekeka. Chimbale chinalipiridwa kamodzi, kalekale, ndi thukuta la bambo aja. Chimangofuna magetsi basi, ndipo pleya ya DVD ndi TV yaing'ono zimayenda bwinobwino pa sola.

Koma nkhani imene yandichititsa kulemba motalika chonchi si ya mafilimu a ku Hollywood. Amenewo mwina mudzawapezanso penapake. Ndikukupemphani kuti mukhale pansi, mukhuthule makatoniwo pamphasa, muyang'ane chimbale chimodzichimodzi. Ndikukhulupirira kuti pakati pawo pali zina zopanda chikuto, zongolembedwa ndi cholembera chakuda pamwamba: ukwati wa uje, chinkhoswe, kwaya ya kumpingo, tsiku lomaliza maphunziro la mwana woyamba. Zimenezo palibe kampani iliyonse padziko lapansi imene ili nazo.

Ine ndinaphunzira mowawa. Ukwati wa mlongo wanga unajambulidwa pa vidiyo, ndipo wojambulayo anatipatsa chimbale chimodzi chobena. Chinakhala zaka pa shelefu pafupi ndi zenera, dzuwa la masana likuchiwomba. Agogo atamwalira tinachifuna, chifukwa munali malo pamene iwo akuvina pa perekaniperekani, chitenje atamanga m'chiuno, ndalama ili m'mwamba, akuseka. Tinachiika mu pleya. Chinayamba bwino, kutchalitchi konse kunaoneka, koma titafika ku holo chithunzi chinayamba kuduka timabokosi, kenaka chinaima. Nditachitembenuza ndinaona kuti kunsi kwake mtundu wasuluka cha m'mphepete. Wojambula uja anali atafufuta kale zake zonse. Mayi anga anangodzuka mwakachetechete n'kulowa kuchipinda.

Ndiye ndisakunamizeni kuti chimbale n'chamuyaya. Pali mitundu iwiri. Zoolijino, zochokera ku fakitale, kunsi kwake kumaoneka kwasiliva, ndipo zimakhalitsa mukazisamala. Zobena pa kompyuta kunsi kwake kumakhala kofiirira mopita ku pepo, chifukwa zimasunga zithunzi mu utoto wina wake umene umaonongeka ndi dzuwa, kutentha ndi chinyezi. Zambiri zimene tinkagula pamsika, zija za mafilimu khumi pa chimbale chimodzi, sizinali zoolijino, ndipo chithunzi chake chinali chofinyidwa kale. Zimenezo, ngati zakalika ndipo palibe amaziona, zisakupwetekeni mtima, zipite. Za oimba ndi a zisudzo akwathu, makamaka zokhala ndi chizindikiro chonyezimira cha COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso ku Malawi, sungani. Zambiri mwa izo sizinasindikizidwenso, ndipo zimene anthu anaika pa YouTube nthawi zambiri zimakhala zoduka kapena zosaoneka bwino.

Za m'banja zija musadikire kusamuka. Mwezi uno womwe, pezani munthu wokhala ndi kompyuta yolowa chimbale, chifukwa malaputopu atsopano ambiri alibenso polowetsa. Akukopereni zonse pa hard drive kapena pa flash. DVD wamba imanyamula 4.7 GB, choncho flash ya 64 GB ikhoza kutenga zimbale khumi ndi ziwiri kapena kuposerapo. Mukopere pawiri, imodzi ikakhale kwa mwana wanu kapena kwa mchemwali wanu, nyumba ina. Flash nayonso imafa, imasowa, imalowa vairasi, ndiye chimbale chenichenicho musachitaye ngakhale mwakopera.

Za malo, vuto si zimbale koma mabokosi ake apulasitiki. Gulani chikwama cha zimbale, chija chokhala ndi timatumba ngati alubamu ya zithunzi. Makatoni awiri akhoza kukwana m'zikwama ziwiri zolowa m'sutikesi. Mapepala apachikuto muwasunge mu envulopu. Chikwamacho chizikhala poimirira, pamthunzi, posafika chinyezi cha nthawi ya dzinja. Popukuta, gwiritsani kansalu kofewa, kuchokera pakati kupita m'mphepete, osati mozungulira.

Chinthu china poti zimbalezo n'za ku Joni. Ma DVD oolijino amakhala ndi nambala ya chigawo, ndipo mapleya ena amakana zimbale za chigawo china: South Africa ili m'chigawo 2 pamodzi ndi Ulaya, pamene Malawi ili m'chigawo 5. Mapleya ambiri otsika mtengo amene amagulitsidwa kuno amawerenga zonse, koma si onse. Ngati pleya imene bambo ankagwiritsa ntchito ikadali yamoyo, imeneyo ndiye muikulunge bwino m'chitenje, rimoti ndi zingwe zake zomwe, ikwere nanu kutsogolo tsiku losamukalo. Ikadzafa, popita kukagula ina mutenge chimbale chimodzi cha ku Joni ndi chimodzi chobena, akuyesereni pomwepo m'sitolo musanapereke ndalama.