Cigar watsopano wandiwawa m'kamwa, nanga fungo la chokoleti lija lili kuti?

Wowerenga wina wanditumizira imelo ndi funso limene ambiri amakhala nalo koma amachita manyazi kulifunsa. Mwachidule walemba motere: "Ndinapatsidwa mphatso ya ma cigar asanu a mtundu umene wangotuluka kumene. Papepala lake palembedwa kuti ndi robusto, 5 x 50, tsamba lakunja ndi San Andrés maduro, fodya wam'kati ndi wa ku Nicaragua. Anthu amene anawalawa kale akulemba zoti akumvamo khofi, chokoleti, mkungudza ndi tsabola. Ine ndinayatsa mmodzi tsiku lomwelo. Pomuona anali wokongola, wakuda bii, koma anandiwawa m'kamwa, anapsa mbali imodzi, ndipo ndisanafike n'komwe pakati ndinayamba kumva chizungulire. Kodi andipatsa achinyengo, kapena olembawo amangokometsa nkhani?"

Achimwene, anayi otsalawo musawataye, komanso musawayatse sabata ino. Zonse zitatu zimene mwadandaulazi zili ndi zifukwa zake zodziwika bwino, ndipo kawirikawiri cigar amene wasutidwa tsiku lomwe wafika amakhala asanakonzeke kuonetsa zimene ali nazo.

Tiyambe ndi zimene maso anu anaona. Nambala 5 ija ndi kutalika kwake mu mainchi, kumene ndi masentimita pafupifupi 12.7. Nambala 50 ndi kunenepa kwake: inchi imodzi amaigawa zigawo 64, ndiye wanuyo ali ndi zigawo 50, mamilimita pafupifupi 20. Cigar wa msinkhu umenewu ndi amene amatchedwa robusto. Cigar wopangidwa ndi manja ali ndi mbali zitatu. Pakati pamakhala masamba aatali opindidwa, amene ku Cuba amawatchula tripa. Masambawa amamangidwa ndi tsamba lina lolimba, capote. Pamwamba pa zonse amakulungapo capa, tsamba limodzi losankhidwa mosamala kuposa onse, ndipo ndi limene inu munaliona lakuda bii. Tsamba la San Andrés limalimidwa kufupi ndi San Andrés Tuxtla, m'chigawo cha Veracruz ku Mexico, pa dothi la mapiri amene kale ankaphulika. Ndi tsamba lochindikala, ndipo n'chifukwa chake limapirira kuvundikidwa nthawi yaitali ndi kutentha kwambiri mpaka kuda chonchi, ndipo tsamba loda motere ndi limene amalitcha maduro. Tsamba lopyapyala likanangonyenyeka.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokera. Amaganiza kuti cigar akada ndiye kuti ndi waukali, akayera ndiye kuti ndi wofatsa. Kuda kwa maduro kumachokera ku kuvundika kwa nthawi yaitali, ndipo nthawi zambiri kumabweretsa kutsekemera pang'ono pamilomo, kofanana ndi kwa koko. Mungapeze cigar wofiirira bwinobwino amene angakugwetseni pampando, komanso wakuda amene mungamusute m'mawa popanda vuto. Pomuyang'ana musanayatse, onani ngati mtundu wake uli wofanana kuyambira kumutu (mbali yoika pakamwa) mpaka kumapazi (mbali yoyatsa), ngati tsambalo likunyezimira pang'ono ndi mafuta ake achilengedwe, ndiponso ngati mitsempha yake ili yaing'ono. Kukhakhala pang'ono pa San Andrés si vuto, ndi mmene tsambali lilili. Kenako mumusindikize pang'onopang'ono ndi zala ziwiri kutsika thupi lonse. Ayenera kugonja pang'ono n'kubwerera. Pena pakakhala pofewa ngati mulibe kanthu, pena polimba ngati mwala, ndiye kuti wopiringayo sanayale masamba mofanana, ndipo cigar wotereyu sapsa bwino ngakhale mutamusamala motani.

Za chinyengo zija, mtima wanu ukhale m'malo. Opanga zabodza amathamangira mayina otchuka a ku Cuba, makamaka Cohiba, chifukwa ndi amene ali ndi msika. Mtundu watsopano wa ku Nicaragua sawaupatsa chidwi kwenikweni. Ngati mukufuna kutsimikiza, chotsalira cha amene munasuta uja ching'ambeni ndi mpeni m'litali. Mukapeza masamba athunthu oyalana kuchokera kumutu kutsika, ndi chizindikiro chabwino choti ndi cigar wapamwamba. Mukapeza zinyenyeswa zodulidwadulidwa, apo ndiye pali funso.

Chizungulire chimene munamva chinachokera m'kati, ku fodya wa ku Nicaragua uja. Pa mtengo umodzi wa fodya masamba safanana. Am'munsi, otchedwa volado, ndi opepuka ndipo ntchito yawo ndi kuthandiza moto. Apakati, seco ndi viso, ndi amene amanyamula fungo lambiri. Apamwamba, ligero, amakhala padzuwa nthawi yaitali kuposa onse, amachindikala, amapsa mochedwa, ndipo ndi amene ali ndi nikotini wochuluka. Wosakaniza fodya akafuna cigar wamphamvu amawonjezera ligero, ndipo amamuika pakatikati penipeni. Nicaragua amadziwika ndi fodya wamphamvu chonchi, makamaka wa ku Estelí, kumene dothi ndi lakuda komanso lolemera. Wa ku Jalapa ndi wofatsa komanso wonunkhira, wa ku Condega amakhala pakati pa awiriwa, ndipo palinso wina wochokera pachilumba cha Ometepe. Ukadaulo wambiri wa kumeneko unabwera ndi anthu a ku Cuba amene anachoka kwawo boma litasintha mu 1959, America n'kuletsa malonda ndi Cuba mu 1962. Mmodzi mwa iwo, José Orlando Padrón, anayambitsa kampani yake ku Miami mu 1964, ndipo patapita zaka zochepa anayamba kupangira ma cigar ake ku Estelí.

Utsi wa cigar ndi wosiyana ndi wa ndudu wamba. Nikotini wake amalowa m'thupi kudzera m'kamwa momwemo, choncho sipafunika kuukokera m'mapapo, ndipo amene anazolowera ndudu wamba akaukokera m'mapapo mwachizolowezi amadwala nthawi yomweyo: thukuta lozizira, nseru, mutu kuzungulira. Kusuta m'mimba mulibe kanthu kumawonjezera vutoli. Ulendo wina muyambe mwadya, mukhale ndi madzi pafupi, ndipo mukangomva thupi likusintha mumuike pansi, mumwe chinthu cha shuga. Palibe lamulo loti cigar azisutidwa mpaka kumapeto.

Tsopano nkhani ya kuwawa, imene kwa ine ndi yaikulu pa zonse. Fodya akathyoledwa amaumitsidwa m'zigafa kwa masabata angapo, kenako amaunjikidwa m'milu ikuluikulu yotchedwa pilón. M'kati mwa mulu mumatentha chifukwa cha chinyezi ndi kulemera kwa masamba, ndipo antchito amauphwasula n'kuuyalanso mobwerezabwereza kuti masamba onse avundikike mofanana. Pa nthawi imeneyi tsamba limatulutsa amoniya ndi zinthu zina zimene zimakanda pakhosi. Koma popiringa cigar, masamba amanyowetsedwanso kuti afewe, ndipo chinyezi chimenechi chimadzutsa pang'ono ntchito ija. Makampani osamala amasunga ma cigar opiringidwa kale m'zipinda za mkungudza kwa miyezi asanawatumize. Mtundu watsopano, umene ogula akuudikira ndi maso ofiira, nthawi zina umatuluka usanapume mokwanira. Kuwonjezera apo wayenda ulendo wautali, kudutsa m'malo otentha ndi ozizira, onyowa ndi ouma. Mukamununkhiza kumapazi n'kumva kafungo kobaya m'mphuno, ndiye amoniya ameneyo, ndipo adzakuwawani ngakhale fodyayo akhale wabwino chotani.

Mankhwala ake ndi kudikira. Muwasunge pa chinyezi cha pakati pa 65 ndi 70 peresenti, pamalo ozizirira bwino, madigiri 18 mpaka 21. Ngati mulibe humidor, bokosi lapadera losungiramo ma cigar, kabokosi kapulasitiki kotseka bwino ndi kapaketi kosunga chinyezi, monga ka Boveda, zikwanira. Mufiriji musawaike, mumauma kwambiri ndipo fodya amatenga fungo la chilichonse chimene ali nacho pafupi. Padzuwa kapena m'galimoto ayinso, chifukwa kutentha kumaswetsa mazira a kachilombo kamene kamaboola fodya. Kwa tsamba lochindikala ngati lanulo ine ndimakonda 65, chifukwa maduro akanyowa kwambiri amavuta kukoka, amazimazima, ndipo utsi wake umawawa. Akaumitsitsa amapsa msanga, amatentha lilime, ndipo tsamba lakunja limang'ambika. Masabata atatu kapena anayi amasintha zinthu kwambiri.

Kupsa mbali imodzi kuja nthawi zambiri kumayambira pa kuyatsa. Mudule kachipewa ka kumutu pang'ono chabe, mamilimita 2 kapena 3, osapitirira pamene mutu wayambira kupindika, apo ayi tsamba lakunja limamasuka. Musanayatse mukoke mpweya kawiri kuti mumve ngati ukudutsa bwino. Pamenepa mumvanso kale kakomedwe ka tsamba losapsa. Moto ukhale wa laita ya gasi kapena machesi a mtengo. Kandulo ndi laita ya mafuta zimasiya fungo lawo mu fodya. Muyambe ndi kuwambika mapazi a cigar pamwamba pa lawi, osaligunda, uku mukumutembenuza mpaka m'mphepete monse muderemo. Kenako mumuike pakamwa, mukoke pang'onopang'ono mukutembenuzabe, ndipo muuzire pamoto kuti muone ngati ponse pafiira. Mbali ina ikatsalira m'mbuyo pambuyo pake, ingoiyandikizani ku lawi kwa masekondi ochepa. Mphepo nayonso imapotoza moto, choncho mupeze pokhala pabata.

Liwiro ndi limene limawononga ma cigar ambiri abwino. Robusto amafuna mphindi 45 mpaka ola lathunthu. Kukoka kamodzi pa mphindi, kapena kawiri mukachulutsa, n'kokwanira. Mukamakoka motsatizana moto umakula, mafuta a m'tsamba amapserera m'malo motulutsa fungo, phula limaunjikana kumutu, ndipo chotsalira m'kamwa ndi kuwawa kokhakokha. Phulusa musalikunthe pafupipafupi. Likafika masentimita 2 kapena 3 limathandiza kuti moto usatenthetse. Utsi ukayamba kulemera, uzirani mpweya kudzera mu cigar momwemo kuti utsi wakale utuluke.

Nanga khofi ndi chokoleti zija? Mu cigar wotere simuthiridwa chilichonse cha zimenezo. Olembawo amafunafuna mawu ofotokozera fungo la tsamba lovundikidwa, ndipo amabwereka mayina a zinthu zimene aliyense amazidziwa. Lilime palokha limangozindikira zinthu zochepa, monga kutsekemera, kuwawa, kuwawasa ndi mchere. Zina zonse ndi ntchito ya mphuno. N'chifukwa chake odziwa kusuta amatulutsira kautsi pang'ono m'mphuno: amasunga utsi m'kamwa, amatulutsa wambiri pakamwa, kenako amatseka milomo n'kukankhira wotsalawo m'mphuno osaumeza. Poyamba zimabaya, makamaka ndi fodya wa ku Estelí, ndiye muyambe ndi kochepa kwambiri, kamodzi pakapita nthawi. Koma mukapanda kuchita zimenezi, zambiri zimene mumawerenga zija simudzazimva.

Kwa msakanizo ngati wanuwo, ndingayembekezere tsabola pa kukoka koyambirira, wobaya m'mphuno ndi kumbuyo kwa lilime, amene amatsika pakapita mphindi zingapo. Pakati ndi pamene cigar amakhazikika, ndipo mpamene kutsekemera kwa San Andrés kumamveka, pamodzi ndi fungo la dothi lonyowa, koko ndi khofi wokazinga. Chigawo chomaliza chimalemera, nikotini amachuluka, ndipo chikayamba kutentha milomo ndi nthawi yomusiya. Musamufinye mu mbale ya phulusa, amanunkha; mungomugoneka, azima yekha.

Kunena zoona, olemba ena amapitiriza muyeso. Munthu akatchula zinthu 15 zosiyana mu cigar mmodzi, ine ndimakayikira. Ngakhale magazini ya Cigar Aficionado, imene Marvin Shanken anayambitsa mu 1992 ndipo imapereka malikisi mpaka 100, imachotsa kaye kapepala ka dzina pa cigar olawa asanayambe ntchito, podziwa kuti dzina lotchuka limasokoneza m'kamwa. Inu musadzikakamize kumva zimene wina analemba. Mukapeza mawu awiri kapena atatu anuanu, monga "wotsekemera, wadothi, wobaya pang'ono", mwayamba bwino.

Pali chinthu china chimene sindingachisiye, chifukwa mwandilembera monga munthu amene akungoyamba. Cigar wapamwamba ndi fodya basi. Ngakhale musakokere utsi m'mapapo, umakhudza milomo, lilime, m'kamwa ndi kummero, ndipo kusuta ma cigar kumayambitsa khansa ya m'malo amenewa komanso ya kholingo. Cigar mmodzi wamkulu akhoza kukhala ndi fodya wochuluka ngati paketi yonse ya ndudu wamba, nikotini wake amakola munthu chimodzimodzi, ndipo utsi wake umavulazanso amene muli nawo m'chipinda. Ngati munasiya kale ndudu wamba, cigar akhoza kukubwezerani komweko mosavuta. Ngati muli ndi vuto la mtima kapena kuthamanga kwa magazi, mphatsoyo ndi bwino kungoipereka kwa wina.

Mukasankha kupitiriza, chitani chonchi ndi anayi otsalawo. Wachiwiri mumuyatse pakatha mwezi, mutadya, muli ndi madzi okha pambali kuti chakumwa chisaphimbe kakomedwe, ndipo mulembe zimene mwamva kumayambiriro, pakati ndi kumapeto. Wachitatu adikire miyezi itatu. Awiri enawo muwasiye mpaka itakwana isanu ndi umodzi kapena chaka, chifukwa fodya wokhala ndi ligero wambiri amafewa ukali akamakhalitsa. Ngati wachiwiri ndi wachitatu onse akuvutabe kukoka kapena akupsa mbali imodzi mutawasunga ndi kuwayatsa bwino, vuto ndi la kapiringidwe ka kufakitale. Ngati akupsa bwino koma akukulemeranibe, ndiye kuti msakanizowo ndi wamphamvu kwa inu pakali pano, ndipo mungayese wofatsa wokhala ndi tsamba lakunja la mtundu wa Connecticut lolimidwa ku Ecuador ndi fodya wam'kati wa ku Dominican Republic. Mudzandilemberenso mwezi ukatha, ndikufuna kumva mmene wachiwiriyo adzakhalire.