Kodi matenda a Crohn ndi akumtundu?

Mayi ena a ku Chibavi anditumizira imelo. Mlongo wawo amene ali ku Johannesburg adamupeza ndi matenda a Crohn, ndipo tsopano mwana wa mayiwa wa zaka 15 watha miyezi iwiri akutsegula m'mimba, nthawi zina zamagazi, thalauza la kusukulu layamba kumukhwepa. Akufunsa ngati watengera kwa malume ake.

Mayi, mtundu ulimo ndithu, koma si wokha. Crohn ndi mnzake ulcerative colitis amayamba chitetezo cha m'thupi chikalusira matumbo a mwiniwake mpaka kutupa ndi kuchita zilonda. M'matumbomu muli mabakiteriya osawerengeka, ambiri otithandiza, ndipo asilikali a m'thupi amatumizirana uthenga wakuti uyu ndi mdani, uyu musiyeni. Malangizo a uthengawo ali m'majini. Sindikunena ziwanda ayi, koma timalangizo ta mu DNA timene timalandira kwa makolo.

Mu 2001 ofufuza adapeza jini ya NOD2. Ili ngati mlonda wa pageti, imazindikira tizidutswa ta khungu la bakiteriya. Ikasintha pang'ono, mlondayo sagwira bwino ntchito, ndipo mpata woti munthu adwale Crohn umakula. Mu 2006 adapezanso IL23R, yomwe kusintha kwake kwina kumateteza munthu m'malo momudwalitsa. Lero malo oposa 200 mu DNA akudziwika kuti akukhudzidwa, ambiri ndi kamphamvu kochepa chabe. Ngakhale mapasa ofanana, kawirikawiri mmodzi amadwala, wina osadwala. Fodya naye amakolezera Crohn.

Chimene chimandiwawa n'chakuti kafukufuku wambiriyu adachitika pa azungu. Kusintha kwa NOD2 kofala ku Ulaya n'kosowa mwa ife akuno, choncho kuyeza jini imeneyi sikungakuyankheni.

Ndiye musathamangire Crohn. Kwathu kuno kamwazi ndi likodzo la m'matumbo n'zofala, makamaka ngati mwanayo amasambira kunyanja ku Nkhata Bay. TB ya m'matumbo imafanana kwambiri ndi Crohn, moti imazunguza madokotala omwe. Mankhwala a Crohn monga prednisolone amatsitsa chitetezo, ndipo akaperekedwa kwa munthu wa TB, matendawo amalusa. Chonde musamupatse mapilisi a malume ake.

Pitani naye ku Mzuzu Central sabata ino, akamuyeze chimbudzi ndi magazi. Lembani m'kope kuti akupita kangati patsiku, ngati akudzuka usiku, ngati akutentha thupi. Za malume akezo mukawauze adokotala poyambirira pomwe.