Motoka ya nambala yakunja yotchipa, mphwanga khala pansi kaye

Mphwanga wafunsa kuti watenga loni kuntchito, waona ka Vitz kotchipa pa BE FORWARD, webusaiti yogulitsa mamotoka akale a ku Japan, ndiye ufuna kudziwa kuti kangafike bwanji pa Chipata mpaka kuvala nambala ya Zambia. Watinso anzako akukuuza kuti osavutika ndi zonsezo, ungogula motoka ya nambala ya ku Malawi kapena ya ku Joni nkumayenda nayo chabe popanda dyuti. Funso loyambalo aliyense angakuyankhe, olo anyamata aja amakhala pansi pa mtengo pa boda ndi mafayilo m'khwapa. Lachiwirilo ndi limene landipangitsa kusiya nsima kuti ndilembe.

Ine ndayenda msewu wa Dar kuyambira 2009, mamotoka amene ndadutsitsa sindiwerenganso, ena mwa ma taxi ukukwera pa Kapata ndinawaona ine akadali ndi choko cha ku doko pa galasi. Ndiye ukamva ndikukalipa usati nsanje.

Mtengo uja wauona pa foni ndi wa motoka ili pa yadi ku Japan, sinakwere sitima. Dina pamene alemba CIF Dar es Salaam, mtengo wophatikiza motoka, inshuwalansi ndi sitima mpaka pa doko, uone mmene kumwetulira kuthere. Pamwamba pa apo pali doko, ejenti wa ku Dar, dilaiva, mafuta, ejenti wina pa boda, dyuti, ndiye a RTSA olembetsa mamotoka akukudikira kumapeto. Ine ndimauza aliyense kuti ndalama uli nayo igawe pawiri, theka ndiyo motoka, theka linalo ndi la njira, ukakana udzaisiya pa Nakonde ikuwombedwa dzuwa iwe ukuyenda m'mipingo kubwereka. Ndipo isakwere sitima isanapimidwe konko ku Japan, a ZCSA, bungwe la boma loona za miyezo ya katundu, amafuna setifiketi ya kupimako, ukafika wopanda amakudula 15% ya CIF, ndalama yoti ukanagula matayala anayi atsopano. Sitima imatenga mwezi ndi masabata, ikafika mapepala akhale ali kale m'manja mwa ejenti chifukwa doko limapatsa masiku ochepa aulere kenako stoleji imayamba kuwerenga mu madola, tsiku ndi tsiku, silidziwa kuti kwanu kuli maliro.

Njira zilipo ziwiri kwa ife a kum'mawa. Ambiri amatsika ndi nambala ya IT, ija yongodutsira m'Tanzania, mpaka Tunduma, kukiliya pa Nakonde, ndiye Mpika, Serenje, Kapiri, Lusaka, nkubwereranso ndi Great East makilomita ena 570, motoka kuzungulira dziko lonse ngati ikuchita kampeni. Ine ndimakonda kudulira ku Malawi, kulowa pa Songwe, Karonga, kukwera Chiweta, Mzuzu, Kasungu, Mchinji, kutulukira pa Mwami, madzulo ndikudya kunyumba. Koma pamenepo wawonjeza dziko lina ndi mapepala ake a transit, ejenti akhale wodziwa. Za njira ya Isoka, Muyombe, Chama usayese ndi ka Vitz nthawi ya mvula. Pa Mwami zinthu zinapepukako chitsegulire boda imodzi ija a Hichilema ndi a Chakwera mu December 2022, kale unkaima mzere mbali ino nkukaimanso wina mbali inayo.

Dyuti masiku ano sivuta kuidziwa ndipo zimenezi zinatipweteka ife akale, ndinene zoona. Isanafike 2018 ankawerengera pa mtengo wa invoisi, ndiye munthu aliyense anali ndi invoisi ziwiri, ina ya iwe mwini ina ya a kasitomu, nkumakangana pa windo kuti motoka iyi ndinagula motchipa chifukwa inagundidwa kumbuyo. Lomba a ZRA amayang'ana kukula kwa injini, mtundu wa bodi ndi zaka, ya zaka 2 mpaka 5 ili ndi mtengo wake, yopitirira 5 ili ndi wake ndi ka surtax, ka msonkho kowonjezera, pamwamba. Invoisi yako olo ulembe kuti unapatsidwa ndi agogo, nambala ndi yomweyo. Chaka chake usadalire zimene walemba wogulitsa, koka lamba wa pampando mpaka pansi, pali kansalu kolembapo chaka. TPIN, nambala ija ya msonkho, ikhale yako, osati ya ejenti, osati ya mlamu wako.

Lomba za nambala yakunja zija.

2015 chinali chaka choipa. Dola inayamba chaka ili cha m'ma K6, pofika kumapeto inali itadutsa K12, magetsi akuzima maola ambiri, makasitomala anga onse amene analonjeza kuti aitanitsa akagulitsa fodya anangoti zii. Ndinali ndi mamotoka awiri pa madzi amene ndinawerengera dyuti ndi dola yakale. Ndiye pakati pa njala imeneyo kunabwera mkulu wina waulemu, wovala bwino, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi cha ku Joni, ali ndi Hilux double cab yoyera ya nambala ya GP, ya ku Joni. Inali yokongola mphwanga. Mipando yachikopa, matayala akadali ndi timinga, injini ukailiza umangomva ngati mphaka wakhuta. Ati ndabwera kudzaona mayi akudwala, ndalama zandithera, ndiigulitsa K95,000 ndibwerere pa basi. Motoka ngati imeneyo yokiliya inali kupitirira kawiri pamenepo. Anandionetsa pepala la ku South Africa, anandionetsa ka pemiti kamene analowera nako pa boda, kaja amapatsa mlendo kuti ayende masiku owerengeka nkutuluka nayo motoka yake. Ine ndinkadziwa bwino lomwe kuti motoka ya pa pemiti imeneyo sigulitsidwa, ndinkadziwa, si kuti ndinali mwana. Koma ejenti wanga, munthu amene ndinkadya naye mbale imodzi, anati aaa bwana izi timapanga daily, tiitulutsa pa pepala nkuilowetsanso ngati yangobwera, inu mungolipira dyuti mukapeza wogula.

Wogula ndinampeza sabata yomweyo, mdala wina wogula soya ndi nshawa cha ku Katete, anandipatsa K60,000 ya dipoziti m'chikwama cha feteleza. Yotsala ndinatenga kaloba. Ukudziwa kaloba, sindikufotokozera. Mkulu wa GP uja ndinamuperekeza ndekha pa siteshoni, ndinamugulira ndi drinki ya panjira, ine chitsiru.

Miyezi itatu ndinayenda nayo ndekha podikira mapepala. Ma roadblock onse ndinkadutsa, ena mpaka kundichitira sailuti chifukwa motoka yoyera yaikulu, palibe anafunsa kanthu kupitirira ya madzi. Tsiku lokaiunika manambala a chasisi, aja odindidwa pa chitsulo cha motoka, ndinavala jekete. Mnyamata wina wamng'ono chabe, wooneka kuti wangoyamba ntchito, anagwada pa tayala lakutsogolo, anapukuta chasisi ndi kansanza konyowa ndi petulo, anayatsa tochi ya pa foni, anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anandiitana, ati atate bwerani muone. Ndinagwada ndi jekete yanga m'fumbi. Manambala onse anali ofanana kuzama kupatula awiri a kumapeto, 8 ndi 3, anali opendekeka pang'ono ndipo chitsulo pamenepo chinali chosalala kuposa kwina ngati wina anachinyambita ndi grinder. Anapala penti ndi kiyi. Pansi pake panaoneka mthunzi wa nambala ina. Sindinamve zimene ananena pambuyo pake, ndinangomva mkodzo.

Mnyamata ujayo sindimuda, anagwira ntchito yake. Amene ndimamuda mpaka lero ndi bwana wina wa ofesi ina, sinditchula ofesi, amene fayilo yanga inakagwera pa tebulo pake. Munthu ameneyo anandiyendetsa miyezi 14. Bwerani Lachiwiri. Lachiwiri ali ku workshop. Bwerani mwezi ukatha, system ili down, amene amasaina ali pa lifi, tikudikira yankho kuchokera kunja. Ndinkafika 7 koloko nkukhala pa benchi ya pakhonde, iye nkufika 10 ndi fulasiki ya tiyi, nkundidutsa ngati mpando, ndipo akandiitana sankandiuza olo kuti khalani pansi, ine munthu wa imvi wamkulu kwa iye. Ankatsegula dirowa nkuisiya yotsegula akuyang'ana pa windo. Ndinaikamo kanayi, ndikuvomera. Ulendo wachinayi anandiuza kuti mukudziwa mdala kuti mwamwayi simuli m'selo, motoka yakuba ndi yakuba olo munagula pa tchalitchi. Zinali zoona, ndipo ankazidziwa kuyambira tsiku loyamba kuti motoka imeneyo sidzabwerera kwa ine, inali ndi mwini wake ku Joni ndi kampani ya inshuwalansi imene inali itamulipira kale. Akanangondiuza tsiku loyamba ndikanalira kamodzi.

Ndinkapita kukaiona pa yadi pamene anaiika. Mwezi woyamba batire inapita. Kenako sipeya, kenako magalasi am'mbali, wailesi, mvula itabwera udzu unamera mpaka kulowa mu bampa, nkhuku ya wina inaikira mazira kumbuyo. Ukafunsa ati sitidziwa, mwina inabwera choncho. Inabwera choncho ine ndinaiyendetsa ndekha kulowa pa geti!

Ejenti uja foni inazima tsiku lomwelo. Ndinakumana naye patapita zaka zitatu pa maliro ku Lundazi akuimba nawo kwaya.

Mdala wa ku Katete sanafune kumva za chasisi, iye ankafuna Hilux kapena K60,000 yake, ndipo anali ndi zoona. Anabwera kunyumba ndi ana ake awiri aamuna nkukhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka madzulo osalankhula, alamu ako nkuwaphikira nsima, nkudya, nkupitiriza kukhala. Masiku atatu. Wa kaloba naye mbali yake. Ndinagulitsa puloti yanga ya ku Mchini imene ndinali nditathira kale faundeshoni, ndinapita kumudzi kukagwada kwa amalume kuti andilole ng'ombe zinayi za m'khola la banja, ndipo mawu amene anandiuza tsiku limenelo pamaso pa azilongo anga sindingawalembe pano. Mwana wanga woyamba anakhala chaka osapita ku koleji. Mamotoka awiri aja a pa madzi imodzi ndinaigulitsa ili pa doko pa mtengo wa misozi kuti ndiombole inzake. Ndinayambiranso ndi ka Corolla kamodzi, ine amene ndinkatsitsa anayi pa ulendo. Koma ndinadzuka, amene ankandiseka pa Down Shops ena lero amabwera kudzandipempha kuti ndiwaonereko motoka.

Ndiye anzako akuti chiyani, ya nambala ya ku Malawi? Inde ndimawaona, adzaza m'tauni muno, munthu amatenga pemiti pa dzina la msuweni wake wa ku Mchinji, ikatsala pang'ono kutha amapita pa Mwami, kutuluka, kumwa Fanta, kubwerera ndi ina. Zimayenda mpaka tsiku limene siziyenda. Pemiti imeneyo ndi ya mlendo, si ya iwe wokhala ku Navutika wa NRC ya Zambia, akakupeza amalanda motoka, dyuti yonse ulipira ndi penati pamwamba. Ndipo ukagunda mwana wa munthu pa Umodzi Highway ndi pamene udzadziwe kuti inshuwalansi yako ndi pepala lokulungira vitumbuwa. Kuigulitsanso sungathe, ndani agule motoka yopanda white book, pepala la umwini, kupatula chitsiru ngati ine wa 2015. Ukaifunadi ya ku Malawi kapena ya ku Joni palibe choletsa, koma ichotsedwe bwinobwino m'kaundula wa kwawo, apolisi a kwawo aikiliye kuti si yakuba, ifike pa boda ngati katundu wolowa, ulipire dyuti ngati wina aliyense. Ukawerenga zonsezo upeza kuti kutchipa kuja kwasungunuka.

Palinso ina ija ya anthu obwerera kwawo atakhala kunja zaka, amaloledwa kulowetsa motoka yawo popanda dyuti, ndiye ena amagula dzina la munthu wotero. Motoka imakhala pa dzina lake, sungaisinthe osapita kwa a ZRA kukalipira zimene zinakhululukidwa, ndipo tsiku limene mwayambana kapena wamwalira, achibale ake amabwera ndi white book m'manja iwe uli ndi makiyi chabe. Ndinaona zikuchitikira munthu wa mpingo wathu.

Za kulembetsa ndi zazing'ono ukakhala ndi mapepala oyera. Red book ya a kasitomu, pepala losonyeza kuti yakiliyidwa pa boda, kiliyaransi ya Interpol, a RTSA aione ndi maso, inshuwalansi, road tax, fitinesi, white book, mapuleti, wamaliza. Chasisi ya pa pepala lililonse uiwerenge wekha chilembo ndi chilembo usanachoke pa windo, ejenti akalakwitsa kamodzi 0 nkulemba O udzayenda mwezi kukonzetsa. Lisiti ya dyuti uione ndi maso ako ndipo ndalama ulipire ku banki wekha, osapatsa munthu m'manja kuti akakulipirire, olo akhale wa kwaya.

Ka Vitz kako itanitsa, ka 1000cc dyuti yake ndi yapansi ndipo masipeya ali mbwee. Koma dilaiva wa ku Dar umujambulitse zonse asananyamuke, jeki, sipeya, wailesi, mafuta pamene ali, ndipo umuuze kuti asanyamule anthu panjira. Amakana onse koma amanyamula. Ina yanga inafika pa Mwami itanyamula matumba a usipa kuchokera ku Karonga, ndinatsuka ndi Omo, ndi mandimu, ndi makala pansi pa mipando, wogula anabwera ndi mkazi wake, mayi uja anangotsegula chitseko nkutsekanso, ndinachotsa K3,000 pa mtengo.